Chaka Chimene Boti Linakwera Phiri

Santa Brigida wa kumapiri,
mwezi wa Novembala

Okondedwa achimwene anga, Manong Crisanto,

Ndikhulupirira kalata ino ikupezani muli ndi moyo ndi mphamvu padoko lililonse limene sitima yanu yaima. Kodi msana uja unaleka? Nanga dzanja lija munapsa ndi mafuta linapola? Mumaphikira chigulu cha anthu m'sitimamo, koma ine mlongo wanu ndikudziwa kuti inuyo mumadya choimirira.

Kuno tili bwino. Nanang, mayi athu, bondo likuwavutabe kukazizira, koma pakamwa pokha palibe chasintha. Khofi wabereka chaka chino. Nkhumba ija inaswa, ana awiri anafa, otsalawo akunenepa. Mwana wanu Jonalyn ali bwino m'thupi. Za mumtima mwake ndiye zandigwiritsa cholembera.

Pafoni ndayesapo kukuuzani, koma mawu amadukaduka, ndipo mukafunsa ngati sukulu ikuyenda ine ndimangoti ikuyenda. Sindinakunamizeni. Ikuyendadi, kungoti sindikudziwa kumene ikulowera. Khalani pansi, Manong, muwerenge mpaka kumapeto musanakwiye.

Koleji yathu ya ntchito zamanja mukuidziwa. Chipinda changa chophunzitsira kusoka chikadali chomwe chija, denga lodontha, makina opalasa ndi miyendo amene anandipeza ndili mtsikana. Mvula ikagwa ana amasoka wina atawagwirira ambulera. Chaka ndi chaka mkulu wa koleji, Bambo Agbayani, ankapempha ku boma ndalama za zomangamanga, kuti atimangire nyumba ya zosoka ndi kutigulira makina atsopano, komanso oumitsira khofi. Chaka ndi chaka kunali zii.

Ndiye chaka chatha uthenga unabwera kuti boma lavomera, Santa Brigida ali m'gulu la makoleji olandira nyumba yatsopano ndi zipangizo zake. Tinapha nkhumba. Bambo Agbayani anavina mpaka nsapato kuvuka. Ine ndinakayatsa kandulo kutchalitchi, ndikulira ngati mwana.

Amisiri anabwera, nayamba kumanga kumunsi kwa bwalo la mpira. Nyumba yake yaitali, chitseko chake chachikulu choti lole nkulowa. Ndinati basi, mwina boma likufuna mphepo iziwomba bwino. Kenako pakati penipeni anakumba dzenje lalitali, lakuya mpaka m'khosi mwa munthu, nalimata simenti yosalala.

Ndinafunsa kapitawo wawo kuti dzenje likufunanji m'nyumba yosokera. Iye amvekere, "Madamu, ine ndimamanga zimene ajambula. Akajambula dzenje ndikumba dzenje." Nditapita kwa Bambo Agbayani, anakanda m'mutu nati mwina ndi motsukira khofi, ndipo ndisamafunse mokweza, a ku likulu angamve kuti ndife osayamika.

Nyumba itatha, kunabwera malole. Manong, ndikanakonda mukanakhalapo. Lole yoyamba inali ndi mabokosi. Yachiwiri inali ndi mainjini akuluakulu, ena okhala ndi zopalasira madzi kumchira. Yachitatu inanyamula boti. Boti lenileni, loyera, lopakidwa mzere wabuluu, likukwera phiri lathu lino.

Pokhota paja pali manda akale loleyo inatitimira m'matope. Tauni yonse inatsika kukakankha. Amuna akukankha, amayi akukuwa, ana atakwera kale m'botimo akupalasa mphepo ndi manja. Wina wa ku tauni yoyandikana nafe anaima ndi njinga yake yamoto nkufuula kuti, "Asodzi a paphiri! Mukapha nsomba mutigaireko!" Dzinalo latikanirira mpaka lero.

Nanang ataona boti likudutsa pawindo ananyamuka. Anangoyamba kukweza matumba a mpunga pamwamba pa kabati. Nditawafunsa anati boma silingatumize boti popanda chifukwa, likudziwa za chigumula chimene likutibisira.

Bambo Agbayani anaimba ku unduna tonse aphunzitsi tikumvetsera. Wa kumeneko anafunsa ngati kuno si ku Santa Brigida. Iwo anati nkomweko. Anafunsanso ngati nyumba yamangidwa ndi katundu wafika. Iwo anati inde, koma ndi wa maboti, ndipo kuno madzi aakulu ndi a m'thanki ya tchalitchi. Munthu uja anati iye za madzi sizimukhudza, chimene akuona nchakuti Santa Brigida walandira malo ophunzitsira kukonza injini za maboti. Anawonjezera kuti nyumba ya boma ikakhala yopanda ophunzira, chaka chamawa koleji isayembekezere kanthu, ngakhale choko.

Tisanapume, basi inatsitsa mphunzitsi wake wa maphunzirowo, mkulu wina wa imvi dzina lake Mang Takio, amene anakalambira m'zipinda za injini za sitima. Anatsika ndi chikwama cha masipanala, nanunkhiza mphepo uku ndi uku, kenako nkufunsa mayi wogulitsa nthochi kuti kugombe ndi kuti. Mayiyo analoza kumunsi nati akwerenso basi yomweyo, akafika mawa. Mkulu uja anangokhala pachikwama chake.

Komabe sanabwerere. Anati anamutuma ku Santa Brigida, wafika ku Santa Brigida, ndipo miyendo yake yatopa. Iye ndiye anatiuza kuti dzenje lija ndi lothiramo madzi poyesa injini.

Apa ndi pamene Jonalyn akulowera.

Bambo Agbayani anayamba kuyenda kalasi ndi kalasi kupempha ana kuti alembetse maphunziro a maboti, ngakhale dzina lokha, kuti nyumba ioneke ya anthu. Jonalyn anali ku maphunziro a ntchito za mu ofesi monga munafunira. Anabwera kwa ine azakhali ake nati, "Tita, ndi dzina chabe, ndizingokhalako masana pang'ono." Ine poganizira koleji ndinati palibe vuto. Sindinaone choti nkukuuzani, popeza boti la paphiri silingapite ndi munthu kulikonse.

Mukudziwa mmene mwanayu wakhalira chimwalirireni mayi ake. Kudya ngati mbalame, kuyankha ndi mutu, kukhala pakhonde maso ali kumsewu. Ine ndinazolowera, ndinkati ndi chibadwa.

Patapita milungu ingapo ndinaona zikhadabo zake zada. Kenako anayamba kupempha mpunga wowonjezera. Tsiku lina ndinamumva akuimba kubafa, ndinachita kuima ndi chikombe m'manja kuti kodi m'nyumba mwalowa mlendo. Pachakudya nkhani inali ya injini basi, Nanang mpaka anamuuza kuti akafuna kukwatiwa ndi chitsulocho anene msanga tiitane ansembe.

Tsiku loyesa injini yoyamba anatiitana tonse. Ana anatunga madzi ndi ndowa kudzaza dzenje lija. Anyamata awiri anakoka chingwe, injini inangotsokomola. Mang Takio anati, "Chokanipo inu, manja ngati ogwira maluwa. Iwe Rabanal, bwera." Jonalyn anagwada, nagwiragwira penapake, nakoka kamodzi. Chinthu chija chinabangula, madzi nkuwira, kutithira tonse amene tinali kutsogolo. Mwana wanu anaima pamenepo atanyowa, akuseka kukamwa konse. Manong, ndinali nditaiwala kuti ali ndi kampata m'mano ngati inu.

Ku maphunziro a mu ofesi anali atasiya kale kupita. Ndinazidziwa mochedwa, ndipo nditadziwa ndinasowa poyambira. Ndikamudzudzula ndikumubwezera pakhonde paja. Ndikakhala chete ndikukulakwirani inu. Ndinkadzitonthoza kuti nyanja yake ndi dzenje la simenti, munthu sangasowemo.

Ndiye mwezi wa Ogasiti kunabwera mayi wina. Wamfupi, wakuda ndi dzuwa, nkhope itatuwa chifukwa cha kusanza m'basi ndi misewu yathu yokhotakhotayi. Anafunsa za koleji, namulozera kwa ine popeza Bambo Agbayani anali atachokapo. Anati ndi Mayi Consolacion Tumaneng, mkulu wa koleji ya ntchito zamanja ya ku Santa Brigida.

Ndinamuuza mwaulemu kuti ku Santa Brigida ndi kuno, ndipo mkulu wathu ndi mwamuna. Iye anati ayi, Santa Brigida winayo, wa kunyanja. Inu mwina mumaudziwa. Ine ndakalamba osadziwa kuti dzina lathuli tili nalo awiri.

Anapempha kuti aone nyumba yatsopano. Atafika pakhomo anaona mainjini ali ndandanda, boti lili pamatabwa, ana ali jijirijijiri ndi masipanala. Anagwira chitseko. Ndinkayesa akomoka, koma anayamba kuseka, kuseka mpaka misozi, kenako sikunalinso kuseka.

Atakhala pansi anafotokoza. Ophunzira ake ndi ana a asodzi. Nyumba yawo yophunzitsira za injini inasasuka ndi namondwe zaka zapitazo, ndipo ana amaphunzira pa injini imodzi yakufa ndi zojambula pabolodi. Iye ndiye anapempha zonsezi, mpaka dzenje lomwe. Nawonso anauzidwa kuti boma lavomera, nawonso anapha nkhumba. Anawamangira nyumba yokongola ya mawindo ambiri ndi masoketi a magetsi khoma lonse.

Ndinafunsa kuti nanga analandiramo chiyani, ngakhale mumtima ndinali nditadziwa kale. Iye amvekere, "Makina osokera, mayi. Atsopano, amagetsi, akadali m'mapepala. Ndi chimakina china choumitsira khofi. Kwathuko mtengo wa khofi sitinauonepo. Ana anayesa kuumitsiramo nsomba."

Makina anga, Manong. Amene ndawapempherera kuyambira tsitsi langa lisanachite imvi. Ali kugombe, mchere ukuwadya.

Mayiyo anagona kwathu popeza basi inali itapita. Nanang anamuphikira ndiwo za biringanya ndi therere, namufunsa ngati kunyanja amva za chigumula. Tikutsuka mbale anandiuza za mnyamata wina wa m'kalasi mwake. Iye ndi bambo ake injini inawathimira pakati pa nyanja, nayandama mpaka anatoledwa ndi sitima ina, bamboyo atatsala pang'ono kufa ndi ludzu. Chimene chinaonongeka chinali kanthu kakang'ono, koti mwana wa chaka choyamba angakonze atakagwirapo ndi manja kamodzi kokha. Mayiyo sanandipemphe kanthu. Anangonena, napukuta mbale. Jonalyn anali pakhomo akumva zonse.

Kuyambira pamenepo mutu wanga sunagwirenso.

A ku unduna anabwera awiri. Woyamba anati palibe cholakwika, popeza Santa Brigida anapempha za maboti ndipo Santa Brigida walandira za maboti. Wachiwiri anatitengera pambali nati tikalemba kuti panalakwika, nyumba zonse ziwiri zitsekedwa kudikira kafukufuku, ndipo adzukulu athu ndiwo adzatsegule. Koma makoleji awiri a boma akagwirizana okha kubwerekana katundu, iye saona choletsa. Ndinafunsa kuti kubwerekana mpaka liti. Anayang'ana kudenga nati, "Madamu, inu munabwerekapo chinthu kwa m'bale wanu nkubweza?"

Ameya atamva anakalipa. Anati boti linakwera phiri ndi thukuta la anthu a kuno ndipo silitsika, iwo akumba dziwe kuseri kwa msika alendo azikwera molipira. Makolo ena anati ana awo aphunzire za injini apite kunja ngati inu, azitumiza ndalama. Ena anati ana awo analembetsa kusoka osati usodzi. Bambo Agbayani, amene ana anawapatsa kale dzina loti Kaputeni, tsiku lina ankati tibweze, tsiku lina ankati tisabweze, malingana ndi amene wawapeza m'mawa.

Pomaliza anati aphunzitsi tivote pokweza manja.

Ndinakhala pamenepo manja ali pamiyendo. Katundu akatsala, Jonalyn akhala pafupi nane akuseka, nyanja yake ili m'dzenje, mawu anu aja oti asayandikire nyanja osaphwanyika kwenikweni. Koma ana a asodzi aja apitiriza kuphunzira pabolodi, ndi anga apitiriza kusoka pansi pa ambulera. Katundu akapita, ndilandira makina anga, koma mwanayu ndimuchotsera chinthu chokhacho chimene chamudzutsa.

Atati ofuna kuti katundu atsale akweze manja, ndinakweza. Atati ofuna kusinthana akweze manja, ndinapezeka ndakwezanso. Wowerenga anawerenga kawiri, manja akuposa anthu. Amvekere, "Madamu Perpetua, kodi muli awiri?" Anthu anaseka, ine ndikufuna pansi patang'ambika.

Anabwereza. Popanda ine mbali ziwirizo zinali zofanana. Maso onse anali pa ine. Ndinakweza dzanja kuti tisinthane.

Mukandifunsa chifukwa, sindikudziwa. Pena ndimati ndinakwezera mnyamata woyandama panyanja uja. Pena ndimati bodza, Perpetua, unakwezera makina ako. Ndinakaulula kwa ansembe, iwo anati zonse ziwiri zikhoza kukhala zoona, ndinatulukamo wosokonezeka kuposa mmene ndinalowera.

Jonalyn madzulo amenewo anandiyang'ana nati, "Tita, mwandisinthanitsa ndi makina osokera." Sanadye. M'mawa mwake anabwera ndikuthira nkhumba chakudya nati walingalira, ndinachita bwino, zinthuzo nza eni ake. Mtima wanga unayamba kutsika. Kenako anati, "Ndiye ine ndipita nazo."

Mang Takio naye akupita kunyanjako, ndipo akuti mwa ana onse amene wawaphunzitsa, uyu ali ndi khutu, amamva nthenda ya injini isanatsegulidwe. Mayi Tumaneng anati adzakhala m'nyumba mwawo pamodzi ndi ana awo aakazi. Malo ake akumusungira mpaka maphunziro atayambanso mu Januwale.

Ndinamukumbutsa mawu anu. Sanawaiwale. Anali pomwepo pamanda a mayi ake pamene munafika maliro atapita kale, sitima itakuchedwetsani, munagwada nkunena kuti nyanja yakudyerani zokwanira, mwana wanu sadzaiyandikira. Anati akukumbukira ngakhale malaya amene munavala. Anati sapita mozemba ngati wakuba, adikira mawu a bambo ake. Koma ku ofesi kokha sabwererako, ngakhale mutamumanga.

Malole anabwera mwezi watha mvula itadukiza. Jonalyn anathandiza kumanga injini iliyonse, akukalipira onyamula kuti asagwetse. Boti linatsika phiri anthu ali m'mbali mwa msewu, ena akuwombera m'manja, ena akutukwana. Ameya sanatuluke. Lole yomaliza itakhota pamanda akale paja Jonalyn anaimabe pamsewu, mpaka ndinachita kukamugwira dzanja.

Makina anga anafika. Ndi okongola, Manong, amasoka ngati akunong'ona. Tawaika m'nyumba ya maboti ija, popeza nyumba siisamuka. Dzenje tavundikira ndi matabwa, ndipo mwana akagwetsa sizasi imalowa pampata nkumveka pansi patali. Kunyanja nako akuti mainjini ali m'nyumba ya mawindo ambiri, dzenje akukumba okha panja. Aliyense ali ndi katundu wake m'nyumba ya mnzake. A ku unduna akuti zonse zili bwino.

Ine ndimayenera kukondwa. Koma Jonalyn amabwera nane m'mawa uliwonse, nakhala kumbuyo kwa kalasi ndi kabotolo ka mafuta, akudontheza m'makina amene sakufuna nkomwe mafuta. Sadandaula. Mpunga wayambanso kutsala m'mbale.

Choncho ndikukupemphani, Manong. Sindikunena kuti munalakwa pamanda paja. Inu ndi amene mukuidziwa nyanja, ine ndimangoimva. Mwina akakonza injini zake pamtunda moyo wake wonse. Mwina tsiku lina adzakwera sitima, sindingakulonjezeni kuti ayi. Mwina ndikukupemphani chinthu chimene tonse tidzalira nacho. Ine amene ndinakweza manja kawiri sindine woti nkukulangizani.

Chimene ndikudziwa nchimodzi. Ndamulera mwanayu m'malo mwanu, ndamuona ali maso koma ngati wagona, ndipo ndamuona atadzuka. Musiyeni apite. Mukakana, mumuuze nokha ndi mawu anu, musatume ine. Ndipo musakhale chete, chifukwa iye adzadikira ndithu, Januwale adzadutsa ali pakhonde.

Ngati pali wokwiyira, kwiyirani ine. Ndinavomera kuti alembetse dzina lija, ndinakhala chete, ndinakweza dzanja.

Nanang akuti muzivala juzi mukafika kumaiko ozizira, ndiponso akuti mubwere akadali ndi maso okuonerani. Mupereke moni kwa Dodong mwana wa a Ninong Berto, aja anakuimirani pa ubatizo, ngati mukadali naye sitima imodzi, mayi ake akudandaula kuti salemba. Ambuye akusungeni pamadzi ndi pamtunda, Amayi Maria akufunditseni, mphepo ikhale yofatsa kulikonse mukupita.

Ndine mlongo wanu wamng'ono,
Perpetua Rabanal

Ndisanamate envelopu ndamuwerengera Jonalyn kalata yonse, kuti ndisamunene kuseri. Ndamupatsa cholembera kuti adzipemphere yekha. Wakhala nacho nthawi yaitali, ndipo zimene walemba ndi izi pansipa. Ndamufunsa ngati ndi zokhazi, wati inde.

Tatang, ndine Jonalyn. Mukagona m'sitimamo, injini mumaimva? Imalira bwanji?